Kodi mwambi wa "fodya wako ndi uyo ali pamphuno" ukundiuza kuti ndigulitse nyimbo yanga?

Woimba wa ku Ndirande:

Akuluakulu ndi nonse odziwa Chichewa chakuya, ndithandizeni. Pali mwambi uja wakuti "fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Kodi makolo poupeka ankanena chiyani kwenikweni?

Ndikufunsa chifukwa amalume andiponyera mwambiwu pa nkhani ya ndalama. Nyimbo yanga ina yagwira msika, ikumveka pawailesi ndi m'maukwati, ndipo kampani ina ikuifuna yoti izitsatsira malonda. Andiuza kuti ndisankhe. Akhoza kundilipira kamodzi n'kamodzi ndalama yokwana malata a nyumba ya amayi ndi matumba angapo a feteleza, nyimboyo n'kukhala yawo mpaka kalekale. Apo ayi andipatse zochepa, aigwiritse ntchito chaka chimodzi, umwini n'kukhalabe wanga. Amalume akuti, "Mphwanga, landira zambirizo. Za ma royalty zako zo ndi fodya wapachala." Ma royalty akunenawo ndi ndalama zimene mwini nyimbo amalandira ikamagwiritsidwa ntchito. Sindikufuna kuwanyoza, andilera ndi iwo. Koma mtima ukukana.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:

Mwanawe, yamba wamvetsa fodya amene akunenedwayo, chifukwa ana a lero mukamva fodya mumaganiza za ndudu. Uyu ndi fodya wonunkhiza, wopera ngati ufa, amene agogo athu ankasunga m'kabotolo komangidwa pansonga ya chitenje. Mnzawo akapempha ankamugogodera pang'ono pachikhatho, iye n'kutsina ndi zala ziwiri. Kuchoka pachikhatho kukafika pamphuno si patali ayi, koma kamphepo kakangodutsa, kapena mwana akakugunda chigongono, fodya yense wapita. Ndiye tanthauzo lake ndi lakuti chinthu usachiwerengere kuti ndi chako usanachigwiritse. Malonjezo, ngongole imene mnzako sanabweze, chimanga chimene chikadali m'munda, zonsezo ndi zapachala.

Amalume akowo mwambi sanaulakwitse. Chimene ndikukayika ndi chakuti pa nkhani yakoyi chapamphuno ndi chiti. Iwo akuti ndi ndalama. Ine ndikuona ngati ndi nyimbo, pakuti ndiyo ili kale m'manja mwako.

Mayi wa chiponde ku Kasungu:

Aphunzitsi mwanena zoona, koma amalumewo tisawaweruze msanga. Anthu amene anaonapo woimba wotchuka akumwalira wopanda ngakhale ya bokosi sangakhulupirire ndalama yobwera mawa. Nyimbo ikangotuluka lero, mawa lake anyamata obena nyimbo pamsika aithira kale m'mafoni ndi m'mafulashi a anthu, mwini wake osaonapo kanthu. Ndiye munthu wamkulu akati landira zimene zili patebulo, akulankhula zimene maso ake anaona.

Wokonda mbiri ya nyimbo, ali ku Johannesburg:

Achimwene, musanasaine chilichonse imvani za Solomon Linda. Anali Mzulu wogwira ntchito yolongedza malekodi ku kampani ya Gallo kuno ku Johannesburg. Mu 1939 iye ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo yotchedwa Mbube, ndipo anailandirira mashiling'i 10. Tsiku limenelo ndalamayo inali fodya wapamphuno ndithu, anaigwira ndi manja. Nyimbo ija inawoloka nyanja, ku America anaisintha kukhala Wimoweh, kenako mu 1961 inatuluka ngati The Lion Sleeps Tonight, ndipo mu 1994 inalowa mu filimu ya Disney ya The Lion King. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi. Ana ake anakhala mu umphawi ku Soweto nyimbo ya bambo awo ikupangira anthu ena chuma chosaneneka. Anachita kupita kukhoti mu 2004, ndipo mgwirizano wowalipira unapezeka mu 2006. Chinawathandiza chinali lamulo lakale la Angerezi la 1911, limene linkati pakatha zaka 25 mwini atamwalira, umwini ubwerere kwa olowa m'malo ake.

Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikaikumbuka. Sindikunena kuti nyimbo yanu idzafika kumene inafika Mbube. Koma amene akuigula akudziwa chifukwa chake akufuna mawu akuti "mpaka kalekale". Kampani siilipira zambiri chifukwa cha chifundo.

Woimba wa ku Ndirande:

Zikomo nonse. Koma ndiye umwiniwo ndiugwira bwanji kuti usakhale wapachala? Nyimboyi sindinailembetse kulikonse. Ilipo m'kompyuta ya ku situdiyo ndi pa YouTube basi.

Wophunzira zamalamulo ku Zomba:

Ndiyankheko, ngakhale kontrakiti yeniyeniyo muyenera kukaonetsa loya. Pa nyimbo, ndakatulo, buku kapena chithunzi, umwini umayamba pomwe mwachipanga n'kuchijambula kapena kuchilemba. Simuchita kudikira chikalata. Ndi mfundo ya pangano la Berne, la mayiko loteteza umwini wa ntchito zaluso, limene dziko la Malawi linalowamo, ndipo lamulo lathu la Copyright Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, likuyenda momwemo. Umwiniwo umakhala moyo wanu wonse, n'kupitiriranso zaka 50 mutamwalira, kutanthauza kuti mukugulitsa cha ana anu ndi adzukulu omwe.

Kulembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso kuno ku Malawi, n'kofunikabe pa zifukwa ziwiri. Mumakhala ndi umboni tsiku limene wina adzati nyimbo ndi yake, komanso ndi kumene kumadzera ndalama zimene mawailesi, makanema ndi malo achisangalalo amalipira poseweretsa nyimbo. Palinso ndalama ya blank media levy, yodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, imene bungweli limagawira eni ntchito zaluso. Amene sanalembetse ntchito yake sawerengedwa pogawapo.

Tsono njira ziwiri akupatsanizo n'zosiyana ngati kugulitsa munda ndi kubwereketsa munda. Wobwereka amalima chaka chake, kukolola, n'kuchoka, munda ndi wanube ndipo chaka chinacho mukhoza kukweza mtengo kapena kubwereketsa wina. Mukagulitsa, ngakhale kudutsamo muchita kupempha. Papepala muyang'ane mawu akuti assignment, ndiko kugulitsa, ndi akuti licence, ndiko kubwereketsa. Ikakhala layisensi, ilembe nthawi yake, mayiko amene akaigwiritse ntchito, ngati ndi pawailesi pokha kapena pa intaneti pomwe, ndiponso ngati muli ololedwa kuipatsanso kampani ina nthawi yomweyo.

China chimene oimba ambiri amaiwala: amene anakuumbirani biti ndi amene anajambula ku situdiyo munagwirizana nawo zotani? Ngati sizinalembedwe, konzani zimenezo kaye. Mungagulitse chinthu chimene si chanu nokha, mlandu n'kudzakupezani ndalama mutadya kale.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:

Apa mwana wa zamalamuloyu wandiphunzitsa. Komabe ndiikepo mawu pa mwambiwo, poti funso linali limenelo. Makolo sankaunena pofuna kuti munthu achite phuma. Ankaunena kwa munthu wodzitama ndi chinthu chimene sanachigwire, monga mnyamata woyamba kuitana anzake kuukwati mbeta isanamulole. Ndi mwambi wochenjeza wodzitama, si wokankhira munthu kugulitsa. Ukagwiritsidwa ntchito pofulumizitsa munthu kusaina, wapotozedwa. Ndipo amalume ukawayankhe mwaulemu, usakawauze kuti alakwa. Ukati, "Amalume, ndamva, koma ndikufuna ndiyambe ndaonetsa pepalali kwa odziwa." Munthu wamkulu sakana zimenezo.

Mayi wa chiponde ku Kasungu:

Pepani achimwene ndilowererepo ndi yanga, poti yafanana. Ine ndimapera chiponde n'kumaika m'mabotolo okhala ndi dzina langa la bizinesi ndi chithunzi cha nsawawa ziwiri. Mwezi wathawu ndapeza mabotolo pa golosale ina ali ndi dzina losiyana ndi langa chilembo chimodzi chokha, mtundu wa pepala womwewo, koma chiponde chake chamadzimadzi, mafuta atayandama pamwamba. Makasitomala akundidandaulira ine. Kodi nanenso umwini unayamba tsiku limene ndinapeka dzinalo?

Wophunzira zamalamulo ku Zomba:

Mayi, yanuyi ndi ina, ndipo mwambi uja ukukukhudzani inu kuposa woimbayu. Dzina la malonda ndi chizindikiro chake sizitetezedwa zokha ngati nyimbo. Chitetezo champhamvu chimabwera mukalembetsa ngati trademark pansi pa lamulo la Trademarks Act la 2018, ndipo kulembetsa dzina la bizinesi kokha si kulembetsa trademark, ambiri amasokoneza pamenepa. Osalembetsa mukhozabe kudandaula kukhoti kuti wina akunamiza anthu kuti katundu wake ndi wanu, koma mudzafunika kutsimikizira kuti anthu amalidziwadi dzinalo kuti ndi lanu, ndipo milandu yotere imadya ndalama ndi nthawi. Choopsa n'chakuti wokuberaniyo akhoza kuthamanga kukalembetsa iye.

Zoterezi zimagwera ngakhale mayiko. Dzina la tiyi wa rooibos wa ku South Africa linalembetsedwa ku America mu 1994 ngati la kampani, moti ogulitsa ena ankaletsedwa kulitchula pa katundu wawo mpaka linafafanizidwa mu 2005. Ngati mukuganiza zodzagulitsa ku Zambia kapena ku Mozambique, dziwaninso kuti kulembetsa kwa kuno kumathera m'malire a Malawi. Kunja mumalembetsa dziko lililonse palokha, kapena kudzera ku ARIPO ku Harare, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro zamalonda, kwa mayiko amene ali mu pangano lake la Banjul.

Pakali pano sungani malisiti a kumene mumasindikizitsa mapepala a pabotolo, zithunzi zakale zokhala ndi madeti, ndipo mugule botolo limodzi la wokuberaniyo pamodzi ndi lisiti lake musanapite kukalankhula naye.