Thandizo la anthu osefukiridwa madzi tidutse nalo kwa ndani?

Abale anga mgulu muno ndigawireniko nzeru. Ndife achinyamata 14 a ku Zingwangwa, tinayamba kusonkhana nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 matope atatsika mphiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, poyamba timangofukula nawo ndi makasu kenako tinayamba kuphika phala pa kampu ina ya pasukulu. Mpaka pano sitinasiye, timasonkha pa Mpamba ndi Airtel Money mwezi ulionse.

Nkhani ndi iyi. Titapita ku Chikwawa ndi ufa, soya pieces, zidebe ndi mabelo awiri a kaunjika tinangodalira mndandanda womwe anatipatsa pamudzipo, ena analandira kawiri, pomwe agogo ena ake amene nyumba yawo inagwa sanalembedwe chifukwa choti amagona kwa mwana wawo osati pa kampu. Anabwerera chimanjamanja ife tikuona, katundu atatha. Zimandiwawabe mpaka lero.

Ndiye mvula yayandikira, ndalama zilipo pang'ono. Tidzere kwa DC kapena tizingopita tokha? Nanga tigule katundu kapena tiziwapatsa ndalama basi?

Nambewe: Achimwene dzerani ku khonsolo, kuli ofesala woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amene amalumikizana ndi DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozizi), akuuzani kampu yomwe sinafikiridwe. Mukapita nokha muthera pa makampu a mmbali mwa msewu pomwe aliyense amasiya katundu, a ku Makhanga ku Nsanje uko ali ndi njala.

Bambo a Tadala: Ine kwathu ndi ku Nsanje. Mndandanda muziwuwerenga mokweza pagulu anthu onse akumva, abodza amaululana okha. Komanso kaunjika chepetsani, kumafunika klorini, sopo, maneti a udzudzu, mapepala apulasitiki ofolera ndi ma pad a atsikana, awa palibe amawakumbukira. Kolera imalowera pa kampu pomwepo.

Mayi Phiri: Ndalama nzabwino madzi akaphwa misika ikatseguka. Sabata yoyamba munthu agula kuti milatho itaduka?

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. A Nambewe, kwa DC tipite ndi kalata kapena mpaka gulu lathu likhale lolembetsedwa kaye? Ifetu tilibe pepala lililonse, tili ndi kabuku kolembamo zosonkha basi.