Atatu otsegula m'mimba usiku umodzi, onse a mudzi umodzi

Nesi wa pa health centre: Akuluakulu pepani ndakudzutsani, ndili pa naiti ndekha ndi mlonda. Chiyambire 7 koloko ndalandira anthu atatu otsegula m'mimba onse a mudzi umodzi, chimbudzi chake choyererako ngati madzi otsukira mpunga ndipo m'mimba simukupotokola, akungotaya basi. Mayi mmodzi wabwera pa njinga atamumangirira ndi chitenje kumsana kwa amuna ake, maso alowa, khungu ndikatsina likungoima, pulse yosamveka bwino. Ringer's, madzi a diripi aja, wanditsalira malita 6 okha. A in-charge akuti ndingolemba mu rejista tikambirana mmawa koma mtima sukundilola, nditani?

CO (clinical officer) wa ku district: Sista musadikire mmawa ayi. Mayiwo ndi a Plan C, ya diripi yothamanga kwa amene madzi atha kwambiri m'thupi, kanyula yaikulu, ngati nkotheka mikono yonse iwiri. 100 ml pa kilo, 30 yoyambayo ilowe mu mphindi 30, 70 yotsalayo mu maola awiri ndi theka. Akulemera bwanji? Nanga awiri enawo akutha kumwa?

Nesi: Cha m'ma 50 kg, ndiye kuti malita 5 apita kwa iwo okha nditsala ndi imodzi. Enawo akumwa mwaludzu kwambiri

CO: Amenewo musawaike diripi, Thanzi ORS 75 ml pa kilo mu maola anayi, akasanza dikirani mphindi 10 kenako pitirizani pang'onopang'ono ndi kapu. Lita yotsalayo isungeni, usiku ukadalipo.

Wa zaumoyo (environmental): Sista tafunsani bambowo ngati kumudziko kunali maliro kapena chinkhoswe masiku apitawa, komanso madzi akutunga kuti

Nesi: Iii akuti kunali maliro Lachiwiri, agogo ena anamwalira kunyumba atangotsegula m'mimba tsiku limodzi, ndipo mayiwa ndi amene anasambitsa nawo mtembo kenako anakathandiza kuphika nsima pa siwa. Mjigo unawonongeka, akumwa a pachitsime cha m'dambo

Wa zaumoyo: Basi imeneyo titenge ngati kolera mpaka labu itatsutsa. Ine zimandiwawa chifukwa ya mu 2022 ija inayambira ku Machinga mu March ngati kanthu kakang'ono, mapeto ake inafika m'maboma onse nkutitengera anthu oposa 1,700, ndipo nthawi zambiri woyamba kuiona amakhala inuyo amene mwalandira wodwala usiku, ifeyo timamva anthu atadya kale kumaliro achiwiri. Rejista ikagona mu dirowa mpaka mmawa, anthu a m'mudzimo akhala atatunga kale pachitsimepo 5 koloko. Imbirani a IDSR coordinator, amene amalandira malipoti a miliri, pompano, kolera timalipota nthawi yomweyo angakhale wodwala mmodzi. A in-charge auzeni mwaulemu kuti mwaimba, mwina akungoopa kuopseza anthu, amvetsa.
Za klorini, 2% pa masanzi ndi chimbudzi, 0.2% pansi, mabedi ndi zovala, 0.05% yosamba m'manja pakhomo. Chitenje chija ndi njinga yomwe muthirenso, bambowo asabwerere nazo choncho.

Sista wamkulu wa ku ana: Mwana wanga ndiwonjezere. Tengani swab ya chimbudzi muike mu Cary-Blair, kabotolo kotumizira ku labu, musanawapatse doxy (mankhwala a doxycycline), ndipo doxy yo 300 mg kamodzi, akasiya kusanza. Chinanso mlondayo mumuphunzitse usiku womwe uno. ETAT ija, njira yosankhira ana odwalitsa kuti athandizidwe msanga, tinaiphunzira kuchokera ku chipatala cha Queens ku Blantyre, mfundo yake ndi yomweyi, woyamba kuona wodwala pa geti azidziwa woti asaime pa mzere. Mmawa amayi a sikelo adzadza pabenchi ndi makanda, wotsegula m'mimba akakhala pakati pawo mpaka 10 koloko mwafalitsa nokha pachipatala pomwepo. Aliyense wa mudzi umenewo azimulowetsa khomo lina, gadiyani mmodzi yekha, chimbudzi chawo chapadera.

HSA (mlangizi wa zaumoyo m'midzi): Mudziwo ngati uli wa kudera langa nditumizireni ku inbox Sista. HTH, klorini waufa uja, ndili nayo, ndisungunula ya 1% usiku uno, kukamacha ndikhala ndili kwa amfumu tiyende khomo ndi khomo kuthira m'zidebe ndi kufunsa amene anadya pa siwa paja, ma ORS ndinyamula omwe

Nesi: Zikomo nonse. A coordinator ayankha, akuti galimoto ibwera mmawa ndi Ringer's ndi RDT, zoyezera kolera mwachangu. Mayi aja lita yachitatu ikulowa, pulse yabwerera, apempha madzi ndawayambitsa ORS. Koma pano mlonda walowetsa mwana wa miyezi 10 wa mudzi womwewo, 8 kg, walefuka sakuyamwa

CO: Yang'anani kaye mapazi ngati atupa ndi MUAC (muyeso wa kukula kwa mkono), akakhala wonyentchera kwambiri Plan C musaiyambe, ndiimbireni. Ngati ali bwinobwino ndi 240 ml mu ola loyamba, 560 ml mu maola asanu, lita mwasunga ija ikwana. Shuga mumuyezenso. Foni yanga ili on, mundiuze pakatha mphindi 30