VAT pa malata: shopu yotchipa ndi iti apa?

WaKuChirimba:
Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Ndatenga makotesheni awiri a malata ku Limbe. Shopu yoyamba yalemba K200,000, pansi n'kuwonjezera kuti VAT ya 16.5 peresenti ndi yapadera. Yachiwiri yalemba K228,000, VAT ili momwemo. Yotchipa ndi iti? Komanso pa K228,000 ija, msonkho ndi ndalama zingati? Ine ndachulukitsa ndi 0.165 ndapeza K37,620.

Kalaliki_Ginnery:
Yachiwiri ndiyo yotchipa, achimwene. K200,000 kuchulukitsa ndi 1.165 ikukwana K233,000, ndiye yoyambayo yakwera ndi K5,000 ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono papepala.

K37,620 yanuyo ndiye yalakwika. VAT amaiwerengera pa mtengo wa katundu msonkho usanalowemo, pomwe inu mwaiwerengera pa ndalama yomwe muli kale msonkho, ndiye kuti mwakhometsa msonkho pamwamba pa msonkho unzake. Mtengo ukakhala kuti VAT ili momwemo, gawani, musachulukitse. K228,000 kugawa ndi 1.165 mupeza K195,708.15, umenewo ndiye mtengo wa malata okha. Chotsani imeneyo pa K228,000, yotsalayo, K32,291.85, ndiyo VAT. Kuti mutsimikize, chulukitsaninso K195,708.15 ndi 1.165; ikabwerera pa K228,000 ndiye kuti zili bwino. Zikasiyana ndi tambala imodzi kapena ziwiri musadandaule, makina amadula manambala akumapeto.

MayiWaMaakaunti:
Ndiwonjezereko. Peresenti musamaisunge pamtima, muziiwerenga papepala lomwe mwapatsidwa, chifukwa boma limatha kuisintha pa bajeti. Pakalembedwa 17.5, gawani ndi 1.175, ndipo K200,000 ija ikhala K235,000.

Akakutsitsirani mtengo, amayamba achotsa kaye zotsitsazo kenako VAT. Atakuchotserani 10 peresenti pa K200,000 patsala K180,000, VAT yake pa 16.5 ndi K29,700, mulipira K209,700.

Pomwe ambiri amasokonezekera ndi pa risiti ya musupamaketi. Katundu wina, monga ndiwo zamasamba ndi zokolola zina zosakonzedwa kufakitale, alibe VAT. Ndiye mukatenga ndalama yonse ya pansi n'kugawa ndi 1.165, VAT yomwe mupeze ikhala yaikulu kuposa yomwe yalembedwa, muyambe kukangana ndi wapatilu pachabe. Patulani kaye zokhoma msonkho, muphatikize zokhazo, kenako mugawe.

Kalaliki_Ginnery:
Zoona mayi. China, si shopu iliyonse yomwe ili ndi chilolezo chodula VAT, koma yokhayo yomwe inalembetsa ku MRA, bungwe lotolera misonkho. Risiti yake izikhala yotuluka m'makina ovomerezeka ndi MRA, yoonetsa dzina la shopu, TPIN (nambala yake ya msonkho), tsiku, mtengo wopanda msonkho ndi VAT payokha. Wina akakulemberani VAT ndi bolopeni pa kapepala wamba, funsani risiti ya m'makina musanatulutse ndalama. Akazemba, nkhaniyo ndi yokanena ku Msonkho House, kulikulu la MRA. Ndipo ngati malatawo mukugulira bizinesi yolembetsa VAT, risiti imeneyi ndiyo umboni wanu pochotsera K32,291.85 ija pa VAT yomwe mwatolera kwa makasitomala, pa fomu yomwe imayenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira. Ngati ndi a nyumba yanu, msonkhowo ndi wanu basi, subwerera.

WaKuChirimba:
Zikomo nonse. Nditenga a K228,000 aja, bola andipatse risiti ya m'makina.