Thandizo: sefa yathu ya AI ikuletsa mawu osalakwa

Moni nonse m'gulu muno. Ndine wophunzira, ndipo ine ndi anzanga awiri talowa mpikisano wolemba mapulogalamu oteteza AI m'zilankhulo zomwe zili ndi zolemba zochepa pa intaneti. Ife tikupanga sefa yogwira mafunso oopsa a m'Chichewa asanafike kwa chatbot (pulogalamu ya AI yoyankha mafunso a anthu), koma yatikanika.

Tinayamba ndi mndandanda wa mawu oletsedwa. Zinatichititsa manyazi: poti tinaikamo "kupha", sefa inakana chiganizo chonena za "kuphatikiza" manambala, pomwe "ndidzamupha" inangodutsa bwinobwino. Kenako tinayesa kumasulira kaye m'Chingerezi, koma mawu okuluwika ndi zining'a zimatuluka zoyera ngati palibe vuto.

Pano tikuphunzitsa AfroXLMR-base, modelo (pulogalamu ya AI yophunzira kuchokera ku zitsanzo) yomvetsa chilankhulo, chifukwa Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 17 za mu Africa zomwe inaphunzira. Tili ndi ziganizo 900 zolemba tokha, zoopsa 140 zokha, ndipo GPU yathu (chipangizo cha kompyuta chophunzitsira modeloyi) ndi ya mtundu wa T4. Modeloyo imangoti pafupifupi chilichonse n'chabwino.

Kodi tiwonjezere class weights (kupatsa zitsanzo zoopsa mphamvu yochuluka pophunzitsa modelo) kapena tilembe zitsanzo zoopsa zambiri kaye? Nanga alipo amene anagwirapo zining'a popanda kumasulira? Tatsala ndi masabata awiri, chonde tithandizeni.