Galimoto ya aneba ilibe inshuwaransi, ndikanene kapena ndikhale chete?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala pa Ntcheu boma. Aneba anga, bambo achikulire amene timapemphera mpingo umodzi, ali ndi Sienta imene amanyamulira anthu kuchoka pa boma kukafika ku Lizulu. Sabata yatha ndinasuzumira pagalasi lakutsogolo, ndinapeza kuti COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inatha kalekale. Nditawafunsa za inshuwaransi anangoseka, amvekere, "Ndidzadula ndikagulitsa mbatatesi, achimwene."

Chimene chikundisowetsa tulo nʼchakuti mwana wanga wa Sitandade 6 amamutenga ulere mʼmawa uliwonse, ndipo msewu wa M1 mukuudziwa malole ake. Matayala akumbuyo aja anatha mpaka kusalala. Lamulo limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwaransi ya third party, kuti ikavulaza munthu pakhale pochokera chipukuta misozi. Nanga ikachita ngozi lero, adzalipira ndani? Bambowa alibe ngakhale ngʼombe yoti nʼkugulitsa.

Mayi a kunyumba akuti ndizisiye. Sindikuwatsutsa kwenikweni, poti pa maliro a malume chaka chatha ndi bambo omwewa ananyamula anamfedwa osalandira ngakhale ya mafuta.

Ndiye amene mukuzidziwa, ndikakanena kwa apolisi apamsewu, dzina langa lingabisidwe? Kapena nkhani ngati iyi imapita ku Road Traffic? Akagwidwa amangolipira faindi, kapena galimoto amaisunga mpaka mapepala akonzedwe? Mwina ndiyambe ndatuma akulu ampingo akawalankhule kaye? Mwanayo ndamuuza kuti kuyambira Lolemba aziyenda wapansi.