Nkhunzi yafika, nanga chenji chili kuti?

Wapampando: Anzanga, nkhani ya nkhunzi ndikuimvera kumbali, ena mpaka akuti ndalama zadyedwa. Tiikambire pano pa gulu lathu la pafoni, mamembala tonse a gulu losunga ndalama tikuona. A Msungichuma, yambani ndinu.

Msungichuma: Zikomo a Tcheya. Pa phindu la chaka chatha tinapatula ndalama yogulira nkhunzi ya ng'ombe zathu 22. Ndinapereka kwa a Nambala 4 ndi a Nambala 11, osunga makiyi onse atatu alipo, ndipo anasaina m'buku. Lisiti yomwe ndalandira ikuonetsa magawo 8 mwa magawo 10 a ndalamazo. Magawo awiriwo sanabwere m'bokosi, pepala lakenso sindinalione.

Nambala 9: Nkhani yake ndi imeneyo. Tonse tinaona chithunzi cha chinkhunzi choyera chija cha magazi a ng'ombe za mtundu wa Charolais, chamsana wotambalala, tinaomba m'manja. Lero m'khola muli kankhunzi kofiira kosafika n'komwe pa phewa la inayo. Mwagula yotchipa kuti chenji mugawane. Ine masheya anga ndimawapeza movutikira, sindingakhale chete.

Nambala 4: Achimwene, mawu oti kugawana andipweteka, koma ndiyankha mofatsa. Choyamba a Mlembi atiwerengere zomwe tinagwirizana.

Mlembi: M'buku munalembedwa chonchi: "Tigule nkhunzi yotipatsa misoti yodzalowa m'malo mwa ng'ombe 6 zomwe zakalamba." Za mtundu kapena kukula kwake mulibe.

Nambala 4: Ndiye ntchito imene ndinatumidwa ndi imeneyo, kukagula bambo wa misoti. Yoyerayo ndinaiona, ndi yokongoladi. Ndinapempha kuti andionetse mayi wake, anati anagulitsa kalekale. Nditafunsa mnyamata woweta za matole ake, anandiuza kuti chaka chatha awiri anachita kukokedwa ndi chingwe. Charolais ndi mtundu wabwino ukafuna matole onse apite kokaphedwa, chifukwa amakula msanga, nyama n'kuchuluka. Koma amabadwa olemera, ndipo ng'ombe zathu n'zazing'ono m'chiuno. Misoti yakenso imadzakhala zimphona zofuna msipu wambiri, ikachepekedwa chakudya m'chilimwe sitenga bere.

Yofiirayi mayi wake ndinamuona ndi maso angawa. Ali ndi zaka 11, waswa kasanu ndi katatu osathandizidwa, ndipo tsikulo thole linali pambali likuyamwa. Ndinagwada n'kuyang'ana kunsi. Mawere ake ndi ogwira bwino kumimba, osalendewera, nsonga zake zazing'ono zoti thole longobadwa kumene lingathe kuzilowetsa m'kamwa. Ziboda zofanana, zosapindika. Ndinalowa m'khola osathamangitsidwa. Alongo ake awiri a nkhunziyi analinso pomwepo, onse ali ndi bere. Zimenezi ndi zomwe ana ake aakazi adzatengere.

Nambala 2: Ana anga, ndiloleni ine gogo wanu ndilankhulepo. Msoti wanga woyamba unakweredwa ndi chinkhunzi chachikulu cha kwa aneba, ine n'kumasangalala. Usiku wakuswa kunangotuluka timiyendo tiwiri ndi lilime lotupa. Tinakoka anthu anayi mpaka kucha. Thole linatuluka lakufa, mayi wake sanadzukenso, patatha masiku atatu tinamupha. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nkhunzi ndili mbali ya a Nambala 4. Koma pa ndalama ayi, atiuze bwinobwino.

Nambala 9: Agogo ndakumvani. Koma tiwerenge nthawi. Bere la ng'ombe ndi masiku pafupifupi 283. Msoti ukabadwa tidikirenso zaka ziwiri, mwina zitatu, kuti nawo uswe. Ine phindu ndidzalione liti? Matole a yoyera ija tikanagulitsa msanga, pamtengo wabwino.

Nambala 7: Theka la matole adzakhala amuna, achimwene, amenewo tidzafula n'kugulitsa monga kale. Koma ganizirani izi. Msoti umatenga theka la magazi ake kwa bambo. Tikamasunga misoti yathu, nkhunzi zitatu zotsatizana zimakhala zapereka magawo 7 mwa 8 a magazi a ng'ombe za m'badwo wachitatuwo. Tikalakwitsa lero, tidzaweta cholakwacho zaka khumi ndi kupitirira, nkhunziyo itapita kale.

Msungichuma: Zonsezi nzomveka, koma buku langa silikutsekeka. Magawo awiri aja.

Nambala 4: Gawo limodzi ndi ili. Ndinaitana dokotala wa ziweto ndisanalipire. Anatenga magazi kuti ayeze matenda otayitsa bere, anayang'ana umuna pa makina, ndipo, pepani amayi ndi mawuwa, anazunguliza tepi pa thumba la nkhunziyo, linakwana masentimita 35. Anati ya zaka zoposa ziwiri isamachepere 34, ndipo nkhunzi ya thumba lalikulu ana ake aakazi amakonda kutha msinkhu msanga. Yotsala pa gawo limenelo ndinalipira galimoto. Lisiti ya dokotala ndili nayo, ndinalakwa kusaipereka tsiku lomwelo. Wa galimoto sanandilembere, koma nditha kubwera naye. Gawo linalo anene okha a Nambala 11.

Nambala 11: Ndakhala ndikuwerenga mauthengawa manja akunjenjemera. Gawo lachiwirilo ndi ine. Titaona chithunzi chija, mwini wake anaimba kuti pali wina akuifuna, ndikachedwa ipita. Ndinatumiza chikole pafoni tisananyamuke, a Nambala 4 osadziwa. Titasintha maganizo, anakana kubweza, akuti anabweza wogula wina chifukwa cha ife. Ndamuimbira kasanu. Sindinadyepo ngakhale pang'ono, uthenga wotumizira ndalama uli mufoni mwanga. Ndinachita manyazi kunena.

Nambala 9: A Nambala 4, ndikhululukeni, ndinakunenerani zoipa musanalakwe. Koma a Nambala 11 abweze yonse, ndi chiwongoladzanja ngati ngongole ina iliyonse. Ndani anawatuma kupereka chikole?

Nambala 7: Palibe anawatuma, zoona. Koma tonsefe tinaisilira ng'ombe ija, ena tinalemba pano kuti "musaiphonye". Mauthengawo alipo, ndi anga omwe. Mayiwa anachita zomwe amaona ngati gulu likufuna. Ine ndikuti abweze theka, theka tisenze tonse.

Mlembi: Malamulo athu akuti wotumidwa asatulutse ndalama pa chinthu chomwe msonkhano sunavomereze, akatero abweze. Za chiwongoladzanja sakunena, poti si ngongole yomwe anapempha.

Nambala 2: Abweze yonse, mwana wanga, kuti mawa wina asadzatengerepo mwayi. Koma pang'onopang'ono, popanda chiwongoladzanja. Ndipo chomwe chandiwawa ine si chikolecho, ndi masabata awiri omwe munakhala chete mnzanu akutchedwa wakuba.

Nambala 11: Ndavomera, agogo. A Nambala 4, pepani kwambiri. Ndizibweza mwezi ndi mwezi, ndimalize tisanagawane.

Nambala 4: Zatha, mayi. Chinanso a Tcheya, chilembedwe lero lomwe tisanaiwale. Ana ake aakazi akamadzafika pokweredwa, nkhunziyi ichoke kapena tisinthane ndi khola lina, isadzakwere ana ake omwe. Tiyambe kupatula kandalama ka inzake panopa.

Wapampando: A Mlembi lembani. Pamsonkhano wa Loweruka a Nambala 4 abwere ndi lisiti ya dokotala ndiponso mwini galimoto, a Nambala 11 abwere ndi foni tione uthengawo. Za yonse kapena theka tidzavota pamenepo pokweza manja. Ine ndi a Msungichuma timuimbiranso wa nkhunzi yoyera uja mawa m'mawa.