Ampu ya besi yopepuka koma ya mawu onona achikale: ndigule iti?

BesiWakuSanthe analemba:

Akuluakulu a zoimbaimba, ndigawireniko nzeru. Ndimaimba besi mu bandi ya kwaya kuno ku Santhe, ndipo masiku a Loweruka timaitanidwa m'maukwati ndi m'zinkhoswe, pena mpaka ku Chinkhoma kapena ku boma. Maulendo ake ndi a kabaza wa njinga yamoto, ndiye ndikufuna ampu yoti ndingathe kuimangirira kumbuyo, yosapitirira makilo 12 kapena 13. Mawu amene ndikufuna ndi aja onona, okhuthala, a m'malekodi akale a rege ndi soul, osati besi yolira kwetekwete ngati munthu akukanda lata.

Bandi yathu ili ndi ng'oma zomenya ndi timitengo, kiyibodi, gitala imodzi ndi oimba 15. Tchalitchi ndi cha malata chopanda siling'i, mumalowa anthu ngati 200. Gitala yanga ndi ya nsambo zinayi, yotengera Precision ya kampani ya Fender, yopanda batire. Mlamu wanga ali ku Joni, atha kundigulira. Ena akuti popanda mavalavu, timababu tagalasi tija ta m'maampu akale, mawu achikalewo sindingawapeze. Kodi nzoona? Nanga mawati akhale angati?

MkuluWaMaampu anayankha:

Achimwene, za mavalavuzo zichotseni m'mutu kaye. Nzoona kuti mawu mukunenawo anatchuka ndi maampu a mavalavu, makamaka Ampeg B-15 imene inatuluka mu 1960 ndi SVT ya mu 1969. Koma mutu wokha wa SVT, wopanda bokosi la masipika, umapitirira makilo 35, chifukwa muli matiransifoma awiri akuluakulu a chitsulo ndi kopa. Wakabaza angokuyang'anani n'kuliyatsa. Komanso valavu ndi galasi: msewu wa fumbi wa mabampu siigwirizana nawo, ndipo ikafa simungaipeze pa shopu ya pa boma.

Zopepuka za masiku ano zimagwiritsa ntchito chimene amati Class D, zilibe tiransifoma yolemera ija. Mwa zimene zikukwana pa sikelo yanu, ziwiri ndizo zoyenera kuziganizira.

Fender Rumble 100: mawati 100, sipika imodzi ya mainchesi 12, kulemera pafupifupi makilo 10. Ili ndi batani lolembedwa Vintage, limene limafewetsa mawu akumwamba n'kunenepetsa apansi, ndipo ndi lomwelo mukulifuna inu. Mng'ono wake, Rumble 40, ndi wa makilo 8 ndi sipika ya mainchesi 10, wabwino pophunzirira kunyumba, koma woimba ng'oma akatenthedwa pa kolasi mudzangoona zala zanu zikuyenda, mawu osamveka.

Ampeg Rocket Bass RB-112: nayonso mawati 100 ndi sipika ya 12, koma yolemererapo, pafupifupi makilo 12. Mtunduwu unatuluka mu 2021. Mawu ake ngakhale musanakhudze batani lililonse amapendekera kale kuchikale. Ili ndi kagawo kotchedwa SGT kowonjezera kukhakhala pang'ono ngati kwa mavalavu. Muzingokatsegula pang'ono, mukakapotokola kwambiri besi imasanduka ya rock.

Kwa ine Rumble 100 ndiyo yokuyenerani, chifukwa cha makilo awiri aja. Pa njinga ndi pokweza masitepe a holo amamveka. Amene khutu lake limakonda Ampeg sindingamutsutse.

Pa za mawati, musanamizidwe ndi manambala. Kuchoka pa 100 kufika pa 200 sikuti phokoso limawirikiza kawiri, limangokwera ndi madesibelo atatu, kusiyana koti khutu limangokuzindikira pang'ono. Chimene chingakupulumutseni pa ukwati wa panja ndi bowo la XLR limene lili kumbuyo kwa maampu onse awiriwa. Mumatenga waya wa maikolofoni, mbali ina mu ampu, ina mu mikisa, besi n'kumatulukira m'masipika akuluakulu a PA. Ampu yanu imatsala yoti muzidzimvera nokha ndi woimba ng'oma. Musagule ampu yopanda bowo limeneli, ngakhale itatchipa bwanji.

NsamboZinayi anayankha:

Akulu anena zoona pa za maampu, koma ndalama yoyamba isapite ku ampu. Theka la mawu mukufunawo lili pa gitala pomwepo, ndipo mwayi wanu ndi woti muli kale ndi ya mtundu wa Precision.

Yambani ndi nsambo. Zimene zimabwera ndi magitala ambiri ndi roundwound, zija zokhakhala mukamayendetsa chala, ndipo ndizo zimalira kwetekwete. Muuzeni mlamu wanu akugulireni flatwound, zosalala ngati waya wa buleki ya njinga wokutidwa. La Bella 760FL ndi zodziwika pa ntchito imeneyi, kunenepa kwake kuyambira mainchesi .043 mpaka .104. Ndi zodula, inde, koma zimakhala zaka osasintha, ndipo zikamakalamba ndi pamene zimakoma. Aonetsetse kuti ndi za long scale, mainchesi 34, apo ayi sizikwana.

Chenjezo lake ndi ili: flatwound zambiri zimakoka mwamphamvu kuposa zinazi, choncho khosi la gitala limapindikira kutsogolo ndipo nsambo zimatalikira. Pakapita tsiku limodzi mutaziika, dinani nsambo yaikulu pa fureti (kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala) yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, muyang'ane mpata pa fureti ya 7 kapena 8. Uzikwana kakhadi kopyapyala ngati ka mayunitsi. Ukakula, mangitsani truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi, ndi alenki, kota ya kuzungulira kokha, n'kudikira mawa lake. Ikalimba musakakamize, imathyoka, ndipo ikathyoka khosi lonse latha ntchito.

Kachiwiri, siponji. Dulani kachidutswa ka siponji ya matiresi, kotalika mokwana nsambo zonse zinayi, m'lifupi ngati zala ziwiri, mukalowetse pansi pa nsambo pafupi penipeni ndi bridge, chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala. Kazingokhudza, kasamakankhe. Mawu amafupika n'kumagunda du, du, du, monga m'malekodi akale aja. Ma Precision akale ankabwera ndi siponji yotere kuchokera ku fakitale, yomata pansi pa chivundikiro cha bridge. Kakakhuthala kwambiri kamasokoneza tyuni, makamaka m'mafureti akumtunda, ndiye muzikasenga mpaka zitakhala bwino.

Batani la tone pa gitala libwezeni mpaka theka kapena kutsikirapo, ndipo muzikhwatchula nsambo chakufupi ndi khosi, ndi mnofu wa chala, osati nsonga.

Tsopano pa ampu, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akafuna besi yonona amathamangira batani la Bass n'kulitsegula lonse. Mu tchalitchi cha malata chopanda siling'i zotsatira zake ndi chimkokomo chokhachokha, malata kunjenjemera, manotsi osasiyanitsika, azimayi akutsogolo n'kumatembenuka kukuyang'anani. Kunona kuli pa Low Mid, cha m'ma 200 mpaka 300 Hz. Tayesani motere pa Rumble, poyerekeza mabatani ndi mivi ya wotchi: Bass pa 12 koloko kapena 11, Low Mid pa 1 kapena 2 koloko, High Mid pa 11, Treble pa 9 kapena 10. Vintage yoyatsa. Bright yozimitsa. Contour nayonso yozimitsa, chifukwa imakumba mawu apakati omwe mukuwafunawo. Pa Ampeg, batani la Ultra Lo limachita zofananako, m'nyumba ya malata lisiyeni.

Ampu isakhale pakona. Khoma lililonse loyandikira limawonjezera mawu apansi, ndipo pakona pali makoma awiri ndi simenti yapansi. Isuntheni mita imodzi kuchoka kukhoma, kapena muikweze pa mpando wolimba iloze kumakutu kwanu.

FundiWaKuKamwendo anayankha:

Bambo a ku Santhe, ine ndilankhulako za magetsi, poti maampu opepukawa amafera kumeneko, osati pa siteji.

Choyamba, musanatumize ndalama, mlamu wanu ajambule chikwangwani cha kumbuyo kwa ampu pafupi ndi polowera waya wa magetsi. Kuno magetsi athu ndi 230V, 50Hz. Cholembedwa 220-240V kapena 100-240V ndi chabwino. Cholembedwa 120V chokha ndi cha ku America, ndipo mukachilowetsa pa soketi yathu chimaphulika nthawi yomweyo. Zogula zatsopano mu shopu ku South Africa zimakhala za 230V, vuto limakhala pa zakaunjika ndi zotumizidwa ndi achibale a kunja. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano ozungulira. Musaikakamize pa soketi ndi kamtengo, gulani waya wa ketulo wa mano atatu amakona, wokhala ndi fyuzi. Dzino la earth lisachotsedwe. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu, ndiye earth ikasowa chinachake n'kulakwika m'kati, magetsi amadzera m'manja mwanu kapena pamlomo pa maikolofoni.

Mukalumikiza XLR ku mikisa n'kumva kulira kwa mmmm kosalekeza, dinani batani la Ground Lift pafupi ndi bowolo. Ntchito yake ndi imeneyo. Kukapitirira, ampu ndi mikisa zidyere pa ekisitenshoni imodzi.

Za jenereta. Timajenereta tating'ono totchipa timakweza ndi kutsitsa mavoti katundu akamasintha, ndipo nthawi yoopsa ndi poyatsa ndi pamene mafuta akutha, injini ikuchita befu. Dongosolo lake: ampu ikhale yozimitsa, jenereta ilire mphindi ziwiri kapena zitatu, muyeze ndi mita ngati ili pakati pa 220 ndi 240, muyatse mikisa, ampu pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampu. Mukangomva injini ikusintha kaliridwe, thamangirani switchi. Pakhale kachipangizo koteteza kaja timaika pa TV kapena pa filiji, kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika n'kudikira kaye asanabwerere. Kamathandizanso magetsi a ESCOM akabwera mwadzidzidzi atazima. Ngati ndi sola, invata ikhale ya pure sine wave. Zinazi zimalowetsa kulira kwa zzzz m'sipika ndipo zimatenthetsa zipangizo.

Chilungamo chake, Class D ikapsa kukonza kwake n'kovuta. Tizipangizo take ndi tating'onoting'ono tomata pa bolodi, ndipo kawirikawiri pamafunika kusintha bolodi lonse, loitanitsa kunja. Ampu yakale yolemera ija fundi amaikonza ndi matiranzisita ogula ku Lilongwe. Kupepukako mtengo wake ndi umenewu, ndiye ndalama ya choteteza musaiumire.

Fumbi la Kasungu m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limalowa m'mabatani, n'kumamveka kwarakwara mukamapotokola. Mankhwala ake ndi contact cleaner, kupopera pang'ono n'kupotokola batanilo kangapo ampu ili yozimitsa. Mafuta a makina osokera kapena opopera maloko ayi. Telala akusokereni chivundikiro cha kanvasi. Pa ukwati wa panja ampu ikhale pamthunzi, ikatenthedwa imadzizimitsa yokha pakati pa nyimbo.

BesiWakuSanthe analemba:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula m'maso. Kafunso kena: ku tchalitchi kuli bokosi la sipika ya mainchesi 15 limene likungokhala. Kodi ndingalilumikize ku Rumble 100 kuti mawu achuluke? Kapena ndingogula mutu wokha n'kumagwiritsa bokosi limeneli?

FundiWaKuKamwendo anayankha:

Ku Rumble 100 ayi, ilibe bowo la sipika yowonjezera, ndipo wina asakunyengeni kuti atsegule kumbuyo alumikize mawaya. Bowolo lili pa Rumble 200 ndi 500, koma zimenezo ndi za makilo 15 kupita m'tsogolo, zadutsa sikelo yanu.

Maganizo a mutu wokhawo si oipa ngati bokosilo ndi lamoyo. Ampeg PF-350 salemera makilo anayi. Markbass Little Mark III ndi pafupifupi makilo atatu, imapereka mawati 300 pa ma ohm 8 ndi 500 pa ma ohm 4, ndipo ili ndi batani la VLE limene limadula mawu akumwamba kuti imveke ngati sipika yakale. Zonsezi zimalowa m'chikwama cha kumsana. Koma ku ukwati bokosi la 15 lija lidzafunabe galimoto, ndiye vuto lanu la kabaza silinathe.

Musanaganize zambiri, liyezeni. Ikani mita pa ohms, mugunditse pa mawaya awiri a bokosilo lili losalumikiza kulikonse. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ya ma ohm 4 imaonetsa cha m'ma 3. Mitu yambiri yotereyi siilola kutsika pansi pa 4. Mabokosi awiri a 8 pamodzi amapanga 4, zili bwino. Awiri a 4 amapanga 2, ampu imazima kapena kupsa. Kenaka kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Likamakhula ngati muli mchenga, koyilo inapsa kale. Waya wochoka ku mutu kupita ku bokosi ukhale wa sipika weniweni, wa mawaya awiri okhuthala, osati wa gitala. Mapulagi amafanana koma wa gitala ndi wowonda m'kati, umatentha n'kusungunuka. Ngati bokosilo lili ndi twita, kasipika ka mawu akumwamba, izimitseni kapena muichotse waya, ndi imene imabweretsa kwetekwete uja.

MkuluWaMaampu anayankha:

Tsalani pa combo, ampu ya sipika yake m'bokosi limodzi ngati Rumble, achimwene, bokosilo lisiyireni kiyibodi. Ampu ikafika, iyeseni tsiku lomwelo: imbani nsambo yaikulu ya E yosadina mokweza ndithu, mumvetsere ngati pali chonjenjemera, chifukwa ulendo wa basi kuchoka ku Joni umamasula masikuluwu a sefa ya kutsogolo ndi a chogwirira. Pomanga pa njinga, yalani siponji kapena bulangete lopinda pa kaliyala, ampu igone sipika itayang'ana pansi, malamba adutse pa thupi la bokosi osati pa mabatani. Nyengo ya mvula muikulunge mu pulasitiki musanavale chivundikiro chija, ndipo ikanyowa ngakhale pang'ono isayatsidwe mpaka itauma masiku awiri.